Chigumu Changa cha Zaka 75

Adzukulu anga,

Kuyambira Lamulungu foni yanga siikupuma. Aliyense wa inu akufuna kudziwa ngati sindinakhumudwe kuti zaka 75 zakwana popanda tenti, popanda zokuzira mawu, popanda keke ya nsanjika zitatu ija munkati musonkherane. Wa ku Johannesburg uja anachita kulira, ati agogo takuchititsani manyazi. Pukuta misozi, mwanawe, manyazi ake ati? Ndaona kuti ndingolemba, poti pafoni mayunitsi amatha nkhani isanafike pokoma.

Choyamba dziwani kuti tsiku limene mumalitcha langa lobadwali n'lobwereka. Mayi anga sankadziwa deti, ndipo sizinkawasowetsa tulo. Ukawafunsa ankangoti ndiwe wa chaka cha njala, nyengo yozizira. Chaka chake ndi 1949, pamene mvula inadula chimanga chisanakhwime, kwathu ku Lunzu anthu n'kufika podya gaga ndi mizu ya m'tchire, amuna ambiri n'kuchoka kukasaka chakudya kutali, ena osabwereranso. Anzanga a msinkhu wanga amawerenga chimodzimodzi. Uyu ndi wa Napolo wa ku Zomba, ndiye kuti 1946. Uyu anabadwa Chitaganya chitangoyamba, 1953. Uyu anali kumsana pamene a Kamuzu ankamangidwa mu 1959. Kusukulu aphunzitsi sankafunsa chikalata. Ankakuuza kuti upitirize dzanja pamwamba pa mutu ugwire khutu la mbali inayo, ukaligwira ndiye kuti wakula, kalowe m'kalasi. Ngakhale a Kamuzu amene, omwe dziko limawakumbukira pa 14 Meyi, chaka chawo chobadwa chinali cha mkangano: boma linkati 1906, ena n'kumati cha m'ma 1898.

Ine deti yanga ndinaitola pa khadi la ubatizo. Mu 2017, pa kalembera wa zitupa za unzika, mnyamata wolemba uja atandifunsa tsiku lobadwa ndinangomutambasulira khadi lakale lija, lodyedwa ndi njenjete m'makona. Anawerenga 13 Julayi, nalemba, ine n'kubadwa pomwepo. Inu ana anu sadzaona zimenezi, chifukwa kuyambira 2015 lamulo likuti mwana azilembetsedwa akabadwa.

Musayese kuti ndikunyoza mwambo wokumbukira tsiku lobadwa poti unabwera ndi azungu. Tiyi nayenso anachita kubwera, koma amamukana ndani? Munthu wobadwa chaka chimene makanda ankafera kumsana, n'kufika poona zidzukulutudzi, sangalole tsiku lotere kudutsa ngati tsiku lochapa. Nkhani yanga ili pa kakumbukiridwe kake.

Ndinayamba Lachiwiri, pogula phava la nthochi pamsika wa Chilomoni. Mtengo wake ndinachita kufunsa kawiri. Ife tinakula nthochi zikuolera kuseri kwa nyumba, sukari ndi kabuthu yemwe, magalimoto akutsika nazo kuchokera ku Thyolo atadzaza mpaka pamwamba. Kenaka matenda a chisaka anapululutsa minda ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Nkhata Bay, moti zambiri zimene mukuona m'misika lero zimachokera ku Tanzania ndi ku Mozambique. Nthochi zangazo ndinazivundika m'thumba la pepala kuseri kwa chitseko mpaka zitachita mawanga akuda, zofewa zoti mwana wa m'tauni angazitaye ku dzala. Zimenezo ndiye za chigumu. Nthochi yooneka bwino ilibe shuga wokwanira, ndiponso siinyenyeka. Yodayo imakupulumutsira theka la shuga wogula.

Loweruka kunacha ndi chiperoni, phiri la Michiru osaoneka n'komwe. Ndinayatsa mbaula pakhonde, ndinasefa mgaiwa makapu awiri m'beseni, ndinasenda nthochi zisanu ndi imodzi n'kuzinyenya ndi foloko. Nditatsegula kabotolo ka soda ndinapeza muli kachibulumwa kouma gwa, kosakwana ndi kunsonga kwa supuni komwe. Kugolosale ndi chitunda, mawondo anga m'nyengo yozizira amakana zitunda. Ndinapita kumpanda.

"Make mapasa! Odi kumeneko!"

"Eee, agogo! Mwadzuka bwanji? Kwagwanji m'mawa muno ndi kuzizira kumeneku?"

"Ndadzuka, kaya inu ndi ana. Soda muli naye? Ndithandizeniko kasupuni kamodzi."

"Mukuphika therere m'mamawa muno?"

"Ayi, chigumu. Akuti lero ndabadwa."

Ndinangomva mbale zikugwa kuseriko. Pasanathe nthawi anatulukira pageti, chitenje chili m'khosi, dzanja lina soda wokulunga m'kapepala, dzanja lina kapu ya chambiko, uku akundikalipira kuti agogo nkhani yotere mumabisa bwanji. Sindinapemphe chambiko. Iye ndi amene anadziwa kuti wopempha soda wa chigumu akufunanso chowawasa.

Apa mumvetsere, makamaka inu amene mumati kuphika keke kumafuna uvuni wamagetsi. Soda payekha sagwira ntchito. Amafuna akumane ndi chinthu chowawasa, monga chambiko, ndipo akakumana amatulutsa mpweya. Timathovu timene timatuluka m'phalamo ndi timene timafufumitsa chigumu. N'chifukwa chake soda amalowa komaliza, moto utakonzeka kale, poto atapakidwa kale mafuta. Ukathira soda n'kuyamba kusakasaka machesi, mpweya uja umathawa, udzadya njerwa. Ukachulutsanso, poganiza kuti chifufuma kwambiri, chimatuluka chachikasu, chowawa, chomveka sopo m'kamwa. Kasupuni ka tiyi kamodzi n'kokwanira pa muyezo wangawu. Mgaiwa nawo ulibe ulimbo umene uli mu ufa wa tirigu, choncho chigumu cha mgaiwa wokhawokha chimayoyoka podula. Ine ndimawonjezera kapu imodzi ya fulawa kuti chigwirane. Imodzi yokha, chifukwa tirigu wathu wa ku Tsangano ndi ku Neno ndi wochepa, wambiri timachita kuitanitsa kunja, ndiye mtengo wa fulawa umayenda ndi dola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, paketi ya fulawa ndinayamba kuitsegula ngati mankhwala. Zotsala ndi mazira awiri, shuga theka la kapu, mafuta masupuni anayi ndi mchere wotsina ndi zala. Phala lake lizigwa pa mthiko mwaulesi, lisamayenderere ngati la mwana, lisalimbenso ngati nsima.

Moto wa chigumu uli pamwamba, osati pansi. Ambiri amalakwitsa pamenepa. M'mbaula mumasiya makala ochepa, okwiriridwa ndi phulusa, ongofunditsa. Makala amoto weniweni mumawayala pa chivundikiro, kapena pa kachidutswa ka lata ngati chivundikiro chili ndi chogwirira cha pulasitiki. Ena amathira mchenga mumphika waukulu n'kukhazika chitini cha phala pamchengapo, nayonso ndi njira yabwino. Mukatero khalani pansi. Osavundukula kawirikawiri, mukuthawitsa kutentha. Mphuno idzakuuzani: fungo la nthochi likasintha n'kuyamba kumveka ngati shuga wopsa pang'ono, mubaye pakati ndi mpeni woonda, ukatuluka wosamatirira ndiye kuti chapsa. Changa chimatenga pafupifupi ola.

Ndikuululireni kuti chinapserera pansi. Make mapasa anayamba kundifotokozera za apongozi ake, nkhani yokoma zedi, ine n'kuiwala kuchepetsa makala a m'munsi. Tinapala chakudacho ndi mpeni, mapasa aja n'kulimbirana zopalazo ngati ndiye mutu wa nkhuku.

Fungo lilibe mpanda. Akalipentala a kumtunda kwathu, aja anaferedwa akazi awo chaka cha kolona, anaima pamsewu n'kufunsa ngati tayamba geni ya zigumu. Atauzidwa, sananene kanthu, anabwerera. Ndinayesa akhumudwa kuti sitinawaitane. Anatulukiranso ali ndi hamala, misomali ndi kathabwa, nagwada pa benchi yanga ya pakhonde, ija yakhala ikutsimphina mwendo umodzi kuyambira agogo anu aamuna ali moyo. Anaikonza osayankhula, anaigwedeza, anakhalapo kuti aiyese, nati, "Mayi, mphatso yanga ndi imeneyi. Tsopano tiyi." Mnyamata wa kabaza amene amachita lendi kuseri kwa nyumba yawo anabwera ndi kandulo imodzi ya m'nyumba, zija timayatsa magetsi akazima, ati keke siyenda yopanda kandulo. Inali yonenepa kwambiri yosati n'kuzikika pa chigumu, ndiye tinaidonthezera phula pa sosala n'kuiimika pambali. Ana anaimba kanyimbo kachingerezi kaja, theka la mawu akulidya, ine ndinazima kandulo ndi mpweya umodzi, akalipentala n'kuitenga kuisunga m'thumba mwanga, ati madzulo idzafunika.

Tinalipo anthu asanu ndi atatu, kuwerengera ndi ana. Ketulo imodzi ya tiyi wa ku Thyolo, wamkaka, makapu osafanana. Make mapasa ndi Msilamu, ine wa Mvano, choncho ine ndinapemphera mwa kwathu iye ataweramitsa mutu, monga ine ndimakhalira chete iye akamayamika mwa kwawo pa Idi, akanditumizira mpunga ndi nyama ya mbuzi. Pofika 11 koloko aliyense anali atabwerera ku ntchito zake.

Tsopano ndikufunseni, ndipo musandiyankhe pa WhatsApp, mudziyankhe nokha. Tenti ija munkafuna kubwereka, mukanalipira ndi ndalama ziti? Ndikudziwa malipiro anu, ndikudziwanso kuti awiri mwa inu fizi ya ana ya teremu ino simunamalize. Ndinaona chaka chatha mmodzi mwa inu, sindimutchula, akudzidziwa, atakonzera mwana wake wa chaka chimodzi phwando la mabaluni, wojambula zithunzi, woimbitsa nyimbo ndi malaya ofanana a banja lonse. Mwini tsikulo analira ndi phokoso mpaka anagona, keke anadula ali m'tulo. Ndalama zake zinali za ku banki m'khonde. Itakwana nthawi yobweza, zinasowa, anakatenga za katapila kuti atseke dzenje loyambalo, ndipo pofika Disembala, anzake akugawana masheya, iye anabwera kwa ine usiku ndi maso ofiira. Ndinamuthandiza, sindikudandaula. Koma zithunzi zija za pa Facebook zinakondedwa ndi anthu mazana, ndipo palibe mmodzi mwa iwo amene anabwera kudzafunsa kuti ngongole ikuyenda bwanji.

Chinanso chimene chimandinyansa ndi perekaniperekani amene mwamulowetsa paliponse. Kale anali wa paukwati, pothandiza banja latsopano kuyamba moyo. Lero munthu akwanitsa zaka 30, aitana anzake, aimika lichero pakati, wina ndi maikolofoni kumaitana mayina kuti a kuntchito abwere, a kutchalitchi abwere. Amene alibe amachita kukongola kuti asanyozeke, kapena amanamizira maliro akumudzi. Imeneyo ndi geni, adzukulu anga, musaitche chikondwerero. Pa tsiku limene ukuthokoza kuti uli moyo, dzanja lako ndi limene liyenera kutambasuka. Phika kanthu, ngakhale zitumbuwa, ngakhale mbatata yootcha, udyetse anthu.

Sindikuletsa chisangalalo. Amene ali nazo zakezake, zosakongola, agule keke yakeyo, ayitane oimba, ine ndidzavina nawo mpaka pamene mawondo adzandilekere. Keke ya kusitolo ilibe tchimo. Koma yesani kamodzi kuphika nokha, muone kusiyana kwake. Chinthu chogula umangochilandira chatha. Chophika wekha chimakukhazika pansi ola lathunthu pafupi ndi moto, manja akununkhira nthochi, ndipo mu ola limenelo mutu umayenda. Ine ndinakumbukira mayi anga akukulunga mkate wa nthochi m'masamba, ndinakumbukira agogo anu aamuna amene ankakonda kunsi kopserera, ndinawerenga anzanga a ku Mvano amene tinayamba limodzi ndi amene atsala. Ndinalira pang'ono, utsi n'kundibisira. Pa phwando la zokuzira mawu mpata umenewo supezeka. Ndipo anyamata musati izi n'za atsikana. Mnyamata wa kabaza uja anandifunsa muyezo wonse n'kuulemba m'foni, ati akufuna akadabwitse mayi ake ku Chiradzulu.

Za aneba ndiye ndikufuna ndikhalitsepo. Inu mumandikonda, sindikayika. Wa ku Johannesburg anatumiza ndalama m'mawa womwewo, wa ku Lilongwe anaimba kanayi, wa ku Leeds anandionetsa mwana pa vidiyo. Koma soda sadutsa pa foni. Usiku uja wa namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, mvula itagwa masiku osaleka mpaka phiri la Soche linagumukira anthu ku Chilobwe, mpanda wanga wa njerwa unagwa cha m'ma 2 koloko, madzi n'kuyamba kulowa kukhitchini. Mafoni sankagwira. Amene anafika ndi tochi ndi khasu kudzapatutsa madzi anali bambo a mapasa ndi akalipentala omwewo, atavala mapepala apulasitiki. Chibale ndi fupa, sichiola, zoona. Koma fupalo likakhala ku Leeds, amene amakudzutsa ukagwa pabafa ndi wa kuseri kwa mpanda.

Uneba sugulidwa tsiku la mavuto. Umamangidwa ndi tinthu topanda pake: moni wa m'mawa wofunsa ndi ana omwe, kuanula zovala za mnzako mvula ikayamba iye kulibe, kumuyang'anira mwana akathamangira kuchigayo, kukhala nawo pa siwa ngakhale womwalirayo sunamuonepo. Ndinakachezera mmodzi wa inu ku Area 47 ku Lilongwe, ndinakhala masabata awiri, ndinafunsa kuti nyumba iyi mukukhala ndani. Ati kaya, timangoona galimoto yoyera. Zaka zitatu! Mpanda wautali, waya wamagetsi pamwamba, geti lachitsulo. Ndikumvetsa, akuba alipo, mipandayo musagumule. Koma geti lili ndi belu. Tsiku lachitatu ndinaphika mandasi, ndinaika asanu ndi limodzi m'bakuli, ndinakaliza belu lija. Anatuluka mayi wa ku Rumphi, namwino wopuma, wosungulumwa kuposa ine, ndipo tinacheza mpaka mwini nyumba amene ndinafikira anayamba kundifunafuna. Mdzukulu wanga, nambala ya mayi amene uja uli nayo tsopano, uziwaimbira.

Inu a kunja mudzati kumeneko anthu sachita zimenezo, ukagogoda pakhomo la munthu amadabwa. Adabwe. Dulani chigumu, kapena chilichonse chimene uvuni wanuwo ungatulutse, muike pambale, mugogode, munene kuti lero ndi tsiku langa lobadwa, kwathu timagawana. Wina adzakana, zilibe kanthu, mwataya chidutswa chimodzi. Wina adzalandira, ndipo mawa pa masitepe adzakupatsani moni wa dzina.

Pali chinthu china chimene ine ndachedwa kuchiphunzira, mwina inu mungachigwire msanga. Kupatsa n'kosavuta kwa munthu wonyada. Chovuta ndi kupempha ndi kulandira. Zaka zanga za uphunzitsi ndinali mayi wosapempha mchere kwa munthu. Ndinkayesa ulemu, koma anthu ankandiopa, ndipo khomo langa linkangofikidwa pa nkhani za sukulu. Ukakhala wosasowa kanthu umawatsekera anzako njira yolowera kwa iwe. Soda uja ndikanatha kutuma mwana kugolosale. Ndikanatero, make mapasa sakanadziwa, chambiko sichikanabwera, akalipentala akanadutsa, benchi ikanakhala ikutsimphinabe. Ndipo mphatso ya munthu wosauka musamaibweze ndi mawu oti mwavutikiranji, sungani ndalama zanu. Mumamuchotsa ulemu. Kandulo ya mnyamata wa kabaza inamudyera ulendo umodzi wopalasa chitunda ndi munthu kumbuyo. Ndinailandira ndi manja awiri, n'kuthokoza monga ndikanathokozera nduna.

Koma pakhale malire. Mneba si nkhokwe yako. Wopempha soda lero, mawa mafuta, mkuja makala, osabweza ngakhale moni, amatopetsa, ndipo anthu amayamba kutseka mawindo akamva mapazi ake. Komanso zimene wamva pakhonde la mnzako zithere pomwepo. Nkhani ya apongozi a make mapasa ija mwaona kuti sindinakuuzeni, ngakhale inapsereza chigumu changa.

Madzulo magetsi anazimadi. Ndinayatsa kandulo ija, ndinakhala pa benchi yosagwedera, ndafunda bulangete, ndikumva ana akusewera chibisalirano kumsewu ndi wailesi ya akalipentala ikulira chapansipansi. Wina mwa inu anandifunsa ngati sindinasungulumwe. Ayi. Kusungulumwa ndinakudziwa chaka choyamba agogo anu aamuna atatisiya, nyumba itadzaza anthu odzapepesa ine ndili ndekhandekha pakati pawo. Loweruka lija kunali chete chabe, chete wa munthu amene akudziwa kuti akakhosomola kawiri wina kuseri afunsa.

Chigumu chinatsala zidutswa zitatu. Chimodzi ndinasungira tiyi wa m'mawa. Ziwiri ndinaika m'bakuli langa lamaluwa, lija munandigulira ku Limbe, n'kupatsira pampanda kuti bambo a mapasa, amene anali ku ntchito tsiku lonse, alaweko. Lamulungu pobwera ku tchalitchi ndinapeza bakuli lija pakhonde, lovundikira, mwala uli pamwamba kuopa amphaka. M'kati munali futali wa mbatata, akadali wofunda, nsinjiro zake zosaumira.

Amene abwere pa holide ya Ogasiti adutse pamsika agule nthochi, asankhe zakudazo, ogulitsa amatsitsa mtengo. Mgaiwa ndili nawo. Soda ndagula botolo lathunthu, theka ndapereka kale kuseri.

Ndine agogo anu,
ku Chilomoni.